Makombo a azungu pa kaseti ya bambo

Kwathu ku Liwaladzi tinali ndi kaseti imodzi imene sinkagwiridwa wamba. Munali mawu a malemu bambo akuphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu, kutatsala chaka kuti atisiye. Ineyo ndinathyola timano tiwiri ta pamwamba pake kuti munthu asajambulepo china, n'kuisunga m'chitini cha mayi cha ulusi ndi singano.

Matipate atangoyamba, mlongo wanga wamng'ono ankagwira ntchito ku nzimbe ku Dwangwa. Iye ufulu anaumvera pa tsitsi. Analileka mpaka linafika m'khosi, nagula jinzi yong'ambika m'mawondo pa kaunjika, ndalama zake zabwinobwino. Loweruka lina anabwera ndi wailesi yolowa makaseti awiri komanso nyimbo zobwereka kwa mnzake wa kufakitale. Akuti linali gulu la anyamata a ku Amereka, ndipo kasetiyo inali ya nyimbo zawo zoyambirira, zimene anachita kutola apa ndi apo atatchuka kale.

"Ndiye kuti makombo," ndinatero.

"Achemwali, inu simungazimve. Izi ndiye nyimbo."

Ndinazimva. Magitala ankalira ngati chigayo chameza msomali, woimbayo akukuwa ngati am'ponda chala. Ndinanyansidwa, ndinatuluka kukasenda chinangwa.

Patapita miyezi itatu tinamanga chiliza cha bambo. Titabwerako kumanda, amalume, ansembe ndi amayi a kwaya anakhala pansi pa mtengo wa mango, mayi n'kundiuza kuti ndiike kaseti ija anthu amveko mwiniwake. Mabatire ndinali nditagula atsopano dzulo lake. Ndinadina. Chigayo chija chinabuka pamaso pa anthu onse.

Nditaitulutsa ndinaona kuti mabowo a timano tija atsekedwa ndi timapepala totafuna. Mlongo wanga anaulula, maso pansi. Akuti mnzake ankafuna kaseti yake msanga, ya m'chitini inalibe cholembedwa, ndiye ankayesa yopanda ntchito, n'kujambulapo nyimbo zija. Munthu wa Folomu 4, kutafuna pepala, kutseka bowo limene wina anatsegula dala, osafunsa! Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano, ansembe akumva.

Anthu atabalalika mayi anatenga wailesiyo, nabwezeramo kaseti ija, naisiya ilire mbali yonse iwo akusankha mpunga. Ndinawapempha kuti azimitse, anakana. Phokoso litatha kunachita kaye zii, kenako bambo anakhosomola, nati, "Ayi amayi, mwathamanga. Tiyambirenso." Kwaya inaimba mzere umodzi ndi theka, tepi n'kutha.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, mayi ankabweza tepiyo ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Maso anali atayamba kuwavuta, moti sankaona polekezera. Ankabweza mopitirira, n'kumadikira kuti nyimbo yomaliza ya azungu aja ithe.

Mlongo wanga anameta, anakwatira, nyimbozo anaziiwala kalekale. Ine mpaka lero ndikamva magitala otero m'minibasi ndimanyansidwa. Koma mayi, mpaka chaka chimene anatisiya, ndinkawapeza pochapa akung'ung'uza nyimbo yonyansa ija, osaphonya ndi pamodzi pomwe, ndipo akafika pothera ankasiya kuchapa n'kutchera khutu.