A Ezekiele Jimu ndi Msana Wawo

A Ezekiele Jimu anabadwira ku Ligowe m'banja losauka. Bambo awo atamwalira anasiya sukulu, n'kuyamba kusenza matumba a mbatata kupita nawo kumsika kuti alongo awo adye. Atakula anakwatira mayi Christabel. Pamene tinkamanga tchalitchi chathu, iwo ndiwo ankayambirira kufika ndi njerwa pamutu. Mawu awo anali akuti, "Ndilibe liwu loimbira, ndiye Ambuye ndiwatamanda ndi msana."

Msana womwewo unadzawatembenukira atakalamba. Tsiku lina akunyamula thumba la chimanga anamva kuti phwa! m'chiuno. Ululu unatsika mwendo wonse mpaka kuphazi, ndipo anagona pamphasa miyezi yambiri. Abale anawatema mphini, koma sizinathandize. Kenako kunayamba manong'onong'o akuti wawalodza ndi mlamu wawo, mayi Alinafe, amene anali wamasiye.

Tsiku lina adzukulu awo a Ezekiele anapita kwa mayiyo ndi zikwanje, n'kuyamba kutaya katundu wawo panja. Tonse tinangoima, kukamwa kuli yasa. Mwadzidzidzi tinaona a Ezekiele akubwera chokwawa, fumbi lili mbuu kumaso, munthu amene sankatha ngakhale kutembenuka yekha.

"Mukawathamangitsa amenewa, mundinyamule inenso," anatero akupuma movutika. "Kodi njerwa zija anandisenzetsa ndi iwowa?"

Anyamata aja anatsitsa zikwanje.

Mawa lake tinawatengera kuchipatala ku Boma. Kumeneko anatitumiza kwa mayi Ruweida, dokotala wothandiza odwala mafupa ndi minofu pochita mafizo. Atavundukula malaya n'kuona mphini zili ndandanda, zina zikutuluka mafinya, anagwira pakamwa.

"Agogo, mwapirira zonsezi osanena?"

Anawakweza mwendo pang'onopang'ono, a Ezekiele n'kubuula.

"Mtsempha wapanikizika m'munsi mwa msanamu," anatero mayi Ruweida. "Ndipo kugona kosadzukaku kwafooketsa minofu. Tiyenera kuidzutsa."

"Popanda jakisoni, mayi?"

"Mankhwala ochepetsa ululu mulandira. Koma ntchito yaikulu ndi yanu."

Anawaphunzitsa kugona chagada n'kukokera maondo pachifuwa, kuthowa msana ndi nsalu yofunda, kuyenda pang'ono tsiku lililonse, ndiponso kupinda maondo ponyamula chinthu m'malo mowerama. Poyamba misozi inkatuluka. Komabe m'mawa uliwonse akatha kupemphera ankayala mphasa n'kuyamba, mayi Christabel akuwachirikiza.

Lamulungu lina dzinja litatha, tili pakati pa nyimbo yolowera, kwaya inangoti zii. Pakhomo panali a Ezekiele, ataimirira okha, ndodo kudzanja. Anadutsa mpando wawo wa nthawi zonse n'kukakhala pafupi ndi mayi Alinafe, amene tonse tinkawathawa. Ambiri tinazyolika ndi manyazi.

Kuyambira pamenepo, akamva kuti wina akudandaula bondo kapena phewa, ankamuperekeza okha kuchipatala. "Usafufuze mfiti, fufuza kaye dokotala," ankatero. Anaphunzitsanso amayi a kumunda kunyamula madengu osapweteka msana.

Mwezi wathawu, atalandira ukaristia, anakhala pakhonde masana akuothera dzuwa. Mayi Christabel atabwera ndi madzi akumwa, anawapeza atatsamira chipupa, manja ali pachifuwa, atapita mwakachetechete.

Pamaliro, amene ananyamula bokosi anali adzukulu aja. Mayi Alinafe ndiwo anayambitsa nyimbo.

Mzimu wawo uuse mumtendere wa Ambuye amene anawatumikira.