Fungo la Pawa Sapulayi

Anthu amawatcha a Mphuno, ndipo dzinali silinangowagwera. Ukawabweretsera kompyuta, sathamangira kuimasula. Amayamba aitembenuza n'kuinunkhiza kumbuyo, pamene fani imatulutsira mpweya wa pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi m'kati monse. Iwo amati kabokosiko kakatopa kamanamizira anzake: lero kompyuta yazima yokha, mawa yauma, mkuja disiki sikuoneka. Wosadziwa amasintha ziwalo zabwinobwino, wolakwa ali phee pakona.

Amagwira ntchito m'chipinda chimodzi ndi akazi awo. Tebulo la mawaya lili kuzenera, makina osokera ali kukhomo, ndipo tsiku silipita osakangana za ulusi wolowa m'mafani.

Chimene sanauze munthu n'chakuti chidwalireni chimfine china chachikulu, fungo anasiya kulimva. Kununkhiza ankanunkhizabe, kuti dzina lisagwe. Manyazi ankawadya.

Tsiku lina kunabwera mlamu wawo, mkazi wa malemu mng'ono wawo, atasenza kompyuta yakale.

"Alamu, ikumazima ndisanatsegule n'komwe zithunzi. Zithunzi zonse za mng'ono wanu zili m'menemu, kwina kulibe. Ana akufuna kuona bambo awo."

A Mphuno anawerama, nakoka mpweya monga mwa masiku onse. Sanamve kanthu. Mita yoyezera magetsi inali m'dirowa, koma kuitulutsa asanagamule ndi mphuno kukanakhala kudziulula.

"Magetsi ali bwino. Ndi fumbi chabe ili," anatero, n'kuyatsa.

Fani inazungulira mokakamira. Kukhomo kuja, makina osokera anaima.

"Bambo, zimitsani," anatero akazi awo, osatembenuka n'komwe. "China chake chikupsa, ngati pulasitiki."

A Mphuno anazula chingwe kukhoma. Atamasula kabokosi kaja, anapeza timigolo tiwiri ta m'kati tatupa, kamodzi katayamba kale kuchucha zofiirira. Kakanaphulika kakanatha kuwotcha disiki yosunga zithunzi zija, mng'ono wawo n'kupita kachiwiri. Anachita mantha kwambiri.

Anachotsa disikiyo naiika mu kompyuta yawo. Chithunzi choyamba chinali cha malemuyo, akuseka ndi mpata wake wa m'mano uja, mwana ali paphewa. Mlamu anakhala pansi atagwira pakamwa.

Mlendo atachoka, akazi awo anapitiriza kupinda mpendero wa siketi.

"Ndinadziwa kalekale," anatero. "Mkaka unapserera inu muli pomwepo, osanena kanthu. Inuyo, wodandaula ndi sopo wa anthu odutsa mumsewu?"

A Mphuno anatsegula dirowa.

Masiku ano mita imakhala patebulo, poyera. Kompyuta ikabwera amaiyeza kaye, kenako amaitembenuzira kukhomo n'kunena kuti, "Mayi, tanunkhizani kuno." Dzina lija anthu sanawalande. Koma mlamu wawo akabwera, moni amayambira kumakina osokera.