Jekete Yoyera ya Ababa

Maganizo ochoka anandibwerera tsiku limene ndinapita kukaona ababa kuntchito kwawo, ku kalabu ya mabwana a esiteti ya tiyi ku Thyolo. Anali weyitala kumeneko ine ndisanabadwe n'komwe. Ndinafika nditatchena yunifolomu yanga ya unesi, ndikudzimva kuti ndine munthu, koma mlonda anandilozera khomo lakuseri. Ndinawapeza akudya choimirira pafupi ndi mabini, khutu lili ku belu. Zinandiwawa kwambiri. Ndinalumbira chamumtima kuti tsiku lina adzalowera khomo lakumaso, adzakhala patebulo, wina n'kuwaperekera chakudya. Nthawi imeneyo manesi ankakhamukira ku Mangalande, nanenso ndinalowa m'gulu lomwelo.

Ndinapeza ntchito pa chipatala chachikulu ku Dudley. Za kuzizira aliyense amanena, koma chimene chinandizunza ine ndi kusungulumwa. Ukakwera basi, anthu maso ali pawindo, moni ungachite kugula. Lamlungu ndikaweruka ku tchalitchi ndinkapala kakhadi ka foni n'kuimbira mphunzitsi woyandikana nafe kumudzi kuti akawaitane ababa. Anali atapuma ntchito, ndipo funso lawo linali limodzi lokha: "Ukudya koma, Esinati?" Ndinkayankha kuti ndikudya, misozi ili mbwembwembwe.

Amene anandichotsa m'chigoba ndi Marcia, nesi mnzanga wochokera ku St Vincent, chilumba cha ku Caribbean. Anali wolongolola, wosadziwa kunong'ona. Tsiku lina tikumwa tiyi anandiuza kuti pafupi ndi kwawo pali kachilumba ka anthu olemera okhaokha, komwe akatswiri a mafilimu amakaothera dzuwa. Mayi ake anakalambira kumeneko akuchapa ndi kusita nsalu za eni nyumba, osapondako pamchenga pamene alendo amasambira. Iye ankafuna kuwatengera komweko ngati alendo, kupita m'mawa pa boti, kudya nkhomaliro pa lesitilanti yapamwamba, n'kubwerako dzuwa lisanalowe, poti zogonako ife manesi sitingaziyerekeze. Nditamva zimenezi ndinaika kapu pansi n'kumuuza za ababa.

Ulendowo tinaukonza limodzi nyengo yonse yozizira, ngakhale ine sindinkapita nawo. Marcia ankaimbira mwini boti, ine n'kumafufuza mwezi umene nyanja imakhala bata. Tebulo anasungitsiratu, mapiritsi oletsa chizungulire tinagula. "Koma chachikulu ndi chovala," iye ankatero. "Anthu aja amayamba kuona nsalu, nkhope pambuyo." Tinakwera basi mpaka ku masitolo a ku Solihull, komwe anagula diresi la maluwa ndi chipewa chachikulu ngati lichero. Ine ndinagula suti yotuwa n'kupatsira mnzathu wina amene ankapita kumudzi kuti akawapatse ababa.

Marcia anabwerako ali duu, ndipo ndinadziwiratu kuti zavuta. Mayi ake anavala bwinobwino, chipewa chili pamutu, koma boti litafika anaona amayi amene ankagwira nawo ntchito ali pamzere ndi zikwama zawo. Anakana kutsika. Tsiku lonse anakhala m'botimo akudya buledi amene anabisa m'chikwama.

"Ndinakonza zonse, Esinati, koma ndinatsogola ndekha," anatero Marcia. "Iwe bambo ako ukawagwire dzanja, usakawasiye."

Tchuthi changa chitakwana ndinapita kwathu. Ku kalabu kuja zinali zitasintha, aliyense wokhala ndi kangachepe ankaloledwa kudyako, choncho ndinasungitsa tebulo la Loweruka masana. M'mawa wa tsikulo ababa anatuluka m'nyumba atavala jekete yawo yoyera ya kuntchito, yosita mochita kunyezimira, ndi katayi kakuda pakhosi.

"Nanga suti ija, ababa?"

"Ijatu ndi ya ulendo womaliza, mwanawe. Ukufuna ndidzagone m'bokosi ndi nsanza?"

Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalonjeza kugula ina. Sanatheke. Kwa iwo jeketeyo ndiyo inali chovala chaulemu choyendera amoyo, ndipo liuma limene ndili naloli ndinatengera kwa iwo omwewo. Tinanyamuka choncho.

Titafika pageti, miyendo yawo inakhotera yokha kukanjira kakuseri. Kwathu mwana wamkazi wamkulu sagwira dzanja la bambo ake, koma tsiku limenelo mwambo ndinauika kaye m'chikwama. Ndinawagwira zolimba. Masitepe akumaso tinakwera, mpaka tinakhala pansi.

M'katimo munalibe mzungu ndi mmodzi yemwe. Munali anthu athu okhaokha, mimba zili patsogolo, makiyi a galimoto ali patebulo. Zaka zonse zija ndili ku Dudley ndinkalimbana ndi azungu m'mutu mwanga, osadziwa kuti mipando yawo inapeza eni ake ena, ndipo belu ndi lomwe lija. Tisanaitanitse n'komwe chakudya, bambo wina wa patebulo loyandikana nalo, msinkhu wake ngati mchimwene wanga, analiza zala osatiyang'ana.

"Madala, tabweretsani madzi kuno."

Ababa anayamba kudzuka. Thupi linazolowera, silinadikire kufunsa mutu. Ine magazi anawira, mawu oipa anali kale pamilomo, koma ndinadziwa kuti ndikawayankhira ndiye kuti atsala m'boti ngati mayi a Marcia. Ndinangofinya dzanja lawo lija.

Ababa anaima pakatikati, mawondo ali chopinda, kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenaka anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Anatenga kansalu kapatebulo, n'kukatambasula pamiyendo pawo monga ankachitira alendo moyo wawo wonse, n'kutembenukira kwa bambo uja.

"Pepani bwana, lero ndine mlendo," anatero. "Madziwo nanenso ndikudikira omwewo."