Mwendo Wanga Unadikira Atsibweni

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ngolo yodzaza fodya inandiponda phazi pamsewu wochokera ku Mitundu kupita kwathu. Tayala linaphwanya zala ziwiri ndi kung'amba mnofu pamwamba pa phazi. Bambo anafuna kuthamanga nane kuchipatala tsiku lomwelo, koma pamudzipo iwo anali mkamwini chabe. Mwini mbumba anali atsibweni, mlongo wawo wa mayi, ndipo mwana wa mbumba yawo sankapita ku opaleshoni iwo asanalole.

Anatuma munthu ku Nathenje kumene atsibweniwo ankagulitsa matabwa. Atsibweni anafika patapita masiku, ali mu jekete, nakhala pampando wa bambo. Phazi langa analiyang'anira patali.

Atsibweni anali ndi nkhani imodzi imene ankaikonda kwambiri. Ali mnyamata anagwirako ntchito kwa mkulu wina amene kale ankathandiza madokotala a mishoni. Mkuluyo ankasunga bokosi la zida zakalekale: mipeni yokhota, zopanira, ndi kasowo kachigwiriro cha mtengo, kadzimbiri m'mano. Ankati makedzana, mankhwala ogonetsa kulibe, wodwala ankamupanikiza amuna amphamvu, wina akucheka fupa, mwiniwake akukuwa. Atsibweni anangoona kasowoko m'bokosi, koma pofotokoza mukadayesa anagwira nawo miyendo ya wodwalayo.

"Inu alamu, zakuchipatala simukuzidziwa," anatero kwa bambo. "Ine zida zawo ndinaziona ndi maso angawa. Mwana wa mlongo wanga asakachekedwe ngati thabwa."

"Koma achimwene, mwanayu thupi latentha," anatero mayi, maso ali pansi.

"M'mangeni masamba. Chilonda chimenecho chipola."

Anandimangadi masamba. Fungo limene linatsatira ndimalikumbukirabe, ngati la nyama yoiwalika mumphika. Ntchentche sizinkandichoka, ndipo azing'ono anga anasiya kudyera pafupi nane. Phazi linada, kudako n'kuyamba kukwera.

M'mawa wina bambo sanapemphenso munthu. Anandikweza panjinga mpaka ku Mitundu, kumene anatitumiza kuchipatala cham'tauni. Dokotala atamasula masamba aja anawayang'ana bambo.

"Bambo, munali kuti masiku onsewa? Mukadabwera msanga tikadangochotsa zala ziwirizi."

Bambo akadati chiyani? Kuti ankadikira chilolezo chopulumutsira mwana wawo yemwe? Anandigonetsa, sindinamve kanthu, ndipo ndinadzuka mwendo utathera mmunsi mwa bondo.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi tsiku limene ndinabwerera kumudzi. Atsibweni anabwera kudzandizonda ndi phava la nthochi. Anasuzumira pomwe panali mwendo, natembenukira kwa anthu amene anadzaza pakhonde.

"Mwaonatu? Ndinanena ine kuti akamudula."

Anthu anavomereza ndi mitu! Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mwendowo unaolera m'manja mwa yani. M'malo mwake bambo ndiwo anazengedwa mlandu wonyoza eni mbumba, ndipo anapepesa ndi nkhuku. Nkhukuyo atsibweni anaidya, ine ndikuphunzira kuyenda ndi ndodo.

Lero ndine mayi, ndimayendera mwendo wochita kupanga, ndipo ana anga nawo ali ndi atsibweni awo. Ndimawapatsa ulemu wonse. Paukwati ndi pamaliro oyankhula amakhala iwo, ine ndili chete pamphasa. Koma ndinazindikira kuti munthu angathe kukukonda ndi mtima wonse n'kukupweteka ndi mantha ake, iye osataya ngakhale chikhadabo. Choncho mwana wanga akavulala, atsibweni ake amamvera pafoni, ife tili kale pamzere kuchipatala.