Geti la Ngalande Yomaliza

Getrude Nakoma sakhazikika. Ngakhale m'tchalitchi mwendo umangogwedera, ndipo amayi ake anachita kutopa nako kumutsina. Anaphunzira za makompyuta ku Zomba, ntchito za m'tauni zinamukana, ndipo anabwerera kwawo kwa Kuntumanji, komwe anthu amalima mpunga m'kasikimu kena kopatutsa madzi mumtsinje wa Likangala.

Kasikimuko kali ndi mageti achitsulo, ngalande iliyonse lake, ndipo amatsegulidwa mosinthana ndi kabokosi koyendera sola kamene bungwe lina linasiya. Kabokosiko kanali ndi khalidwe loipa. Kakagwira ntchito masiku angapo kankangouma gwa, geti n'kutsala yasa, ngalande imodzi kusefukira pamene zinazo zili gwagwagwa. Anthu anamenyanapo, mpaka komiti ya sikimuyo inakhoma maloko kuti wina asagwirenso geti ndi manja.

Getrude analumikiza kabokosiko ku laputopu yake yong'aluka galasi, n'kulowa mpaka mu kenelo, pulogalamu ya pansi penipeni imene imabwereketsa memole, malo osungiramo zinthu, komanso mota zotsegulira mageti kwa mapulogalamu ena onse. Zomwe anapezamo zinamupsetsa mtima. Analembamo anthu ambiri, aliyense m'mene wadzukira. Wina akabwereka memole ankabweza. Wina ankabweza pokhapokha zinthu zikayenda bwino, zikavuta pakati n'kungosowa nayo ngati mnansi wobwereka khasu. Wina ankabweza kawiri, amene anali woononga kuposa onse.

Getrude analembanso zonse, akudya chiimirire. Lamulo lake linali limodzi: chilichonse chotenga chikhale ndi chinzake chobweza, mayina ofanana, ndipo pulogalamu ikatha bwino kapena ikagwa panjira, itulukire khomo limodzimodzilo, ikubweza zonse kuyambira chomwe inatenga pomalizira. Geti nalo analiika m'gulu la zobwereka. Walipeza lotseka, ulisiye lotseka.

Kabokosi kanasiya kuuma, ndewu zinatha, koma vuto linatulukira kwawo komwe. Munda wa bambo ake uli pa ngalande yomaliza, yomwe imalandira madzi madzulo, batire itatopa kale. Batire ikafooka, pulogalamu inkabweza zonse mwaulemu n'kutseka geti, madzi asanafike kumapeto kwa munda. Mpunga wowokera kumene sumva za ulemu.

A Nakoma anamupeza akuzungulira mtengo wa mango kusaka netiweki. Anamupempha motsitsa mawu kuti pa ngalande yawo yokha geti lizitsala lotsegula, poti palibe angadziwe.

"Ababa, mzere umodzi wotero m'pulogalamu ndi umene unayambitsa zonse zija. Likatsala lotsegula mpaka dzuwa litawala, a ngalande yoyamba adzuka opanda madzi."

Iwo anangoti iye ndiye wophunzira, n'kumapita.

Mzerewo Getrude anaulemba ndithu. Unali waufupi, wosavuta, ndipo ukanagwira. Anauyang'ana, anapita kukatunga madzi, anabwera, anaufufuta. Anaulembanso mawa lake n'kuufufutanso. Ankawakonda bambo ake, ndipo zinkamuwawa kuti chikondicho chikusowa pokhala m'pulogalamu yake. Anapempha komiti kuti izisintha ndondomeko ya ngalande, komiti inati ikambirana akakolola.

Kenako kunagwa chiperoni. Mitambo inaphimba dzuwa, mvula yake yongonyowetsa tsitsi, batire osadzaza, ndipo geti la ngalande yomaliza linkatseka lisanatsegule n'komwe bwino. Nthaka ya kumapeto kwa munda inang'ambika, mpunga unayamba kufiira nsonga.

Getrude anatenga ndowa. Ankatunga mumtsinje, kuthamanga pa mizere yoterera, kuthira, madzi n'kungomezedwa ndi ming'alu. Bambo ake ankathira mbali inayo, osamuyang'ana. Atakumana pakati pa munda, mawu anamupulumuka Getrude.

"Ababa, ndikanatha kulemba zija."

"Ndikudziwa kuti ukanatha, mwanawe," anatero a Nakoma. "Chikundipweteka n'chomwecho."

Anamulambalala ndi ndowa yawo, kulowera kumtsinje.