Kamakina ka Njerwa pa Tsiku la Malowolo

Tsiku limenelo tinalipo anthu awa. Ine mwini wake, mmisiri womanga nyumba, amene zipupa zambiri za ku Mchengautuwa zinadutsa m'manja mwanga. Mayi a kunyumba kwanga. Mlamu wanga, mchimwene wa mayiwo, amene anakwera basi kuchokera ku Chiradzulu atavala jekete yobwereka. Mwana wanga wachisamba, mwini nkhani, amene ankayenda ndi lole ya katundu ngati makaniko. Ndiponso neba wathu, kalipentala wa ku Ekwendeni, amene tinamupempha kuti akhale thenga, ndiye kuti munthu wotiyankhulira kuchikazi. Mbali inayo kunali bambo a mtsikana, ahedimasitala opuma ntchito okhala ku Katawa, abale awo awiri ochokera ku Rumphi, ndi azakhali a mtsikanayo. Mtsikana mwini wake sitinamuone, anali atamubisa kuchipinda.

Ndikulemba izi chifukwa adzukulu anga amandiseka ndikawalanda foni kuti ndisewereko gemu. Amati agogo, zimenezi n'za ana. Ana ake ati? Ine ndinayamba kusewera amayi awo asanalowe m'banja lino, ndipo akanapanda gemu sakanalowa n'komwe. Sukulu sindinapite nayo patali, cholembera chimandilemera kuposa njerwa, koma nkhaniyi ndiilemba ndekha, chifukwa ena akamaifotokoza amandichotsera ulemu wanga.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, chakumapeto kwake. Wailesi ya kanema m'dziko muno munalibe. Mwana wanga uja anabwera kuchokera ku Tanzania ndi kanthu kotuwa, kakukula ngati sopo wochapira, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani achikasu. Ukakayatsa kankalira ngati mwanapiye, ndipo pakagalasipo pankagwa tinjerwa kuchokera kumwamba, tina towongoka, tina topindika ngati chigongono. Iwe ntchito yako inali kutitembenuza ndi kutiyala bwino tisanafike pansi.

Poyamba ndinakanyoza. Ndinati munthu wandevu kumakanda kagalasi ngati nkhuku, manyazi alibe? Koma nditasuzumira paphewa pake ndinaona mmene ankayalira njerwazo, mabowo paliponse, chipupa choti foromani akhoza kukuthamangitsa usanadye n'chakudya chamasana chomwe. Ndinati bweretsa kuno, usandichititse manyazi, ndiwe mwana wa mmisiri. Kuyambira tsiku limenelo sikanabwererenso m'manja mwake mpaka m'mawa wa tsiku la malowolo.

Chimene chinandipweteka mtima pa kamakinaka n'choti ukayala mzere wabwino, wodzaza, wopanda bowo, mzerewo unkasowa. Phwa, wapita. Chotsala pagalasi n'zolakwa zako zokhazokha, zikuunjikana mpaka kudenga. Ine moyo wanga wonse mzere wabwino umakhala, anthu n'kumauloza akamadutsa. Ndinakwiya nako kanthuka mlungu wathunthu, ndipo chifukwa cha mkwiyowo sindinakasiye. Ndinkasewera pa nthawi ya tiyi kuntchito, ndinkasewera podikira simenti, ndinkasewera mayi akunyumba akundiuza nkhani ya maliro, mpaka anandilanda n'kukabisa mu ufa.

Tsono nkhani ya ukwati inali itavuta kale, ndipo amati ndinaivutitsa ndine. Kwathu kummwera mnyamata akakonda mkazi amanyamuka kukamanga nyumba kwa apongozi, nkhani yatha. Kuno ku mpoto ndi malowolo, ng'ombe. Tsiku lina pachipata cha msika, tili pamzere woonetsa makhadi a chipani, ndinauza mnzanga kuti mwana wanga sagula mkazi ngati njinga. Ndinayankhula motsitsa. Koma kutsitsa kwanga ine, munthu wozolowera kuitanitsa matope ndili pamwamba pa nyumba, kunamveka mpaka kwa amayi ogulitsa usipa, ndipo mmodzi mwa iwo ankapemphera limodzi ndi ahedimasitala. Thenga wathu atapita koyamba anamubweza asanakhale pansi. Anati kauzeni abambo a njinga aja kuti kuno kulibe sitolo.

Thenga anapepesa mpaka nsapato zinatha, ndiye anatipatsa tsiku limodzi lomaliza. Abale a ku Rumphi aja anati akabwera ulendo uno zikakanika, asadzawavutitsenso. Mwana wanga anali ataonda, chakudya osadya, akungoyang'ana mbale.

Onse anagwirizana kuti ine nditsale kunyumba. Ndinakana. Mwana ndinabereka ndine, nditsale kunyumba ngati galu? Thenga anati chabwino adada, tipite, koma mwambo wake ngwakuti wolankhula ndi thenga yekha, bambo a mnyamata salowa ndipo satsegula pakamwa. Ndinati palibe vuto, ine ndimatha kukhala chete. Mayi akunyumba anaseka mpaka anakhala pansi.

Tinafika ku Katawa kukugwa kamvula kaja ka ku Mzuzu kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa. Thenga, mlamu wanga ndi mayi analowa m'nyumba. Ine anandipatsa mpando pakhonde la kuseri, pafupi ndi khola la nkhuku. Mwana wanga asanapite kukaima kumpanda, kumene mkamwini woyembekezera amayenera kuima, anatulutsa kamakina kaja m'thumba n'kundipatsa m'manja.

Anati, "Bambo, ndakuikirani mabatire atsopano. Sewerani mpaka tikuitaneni. Mawu ndazimitsa, chonde musayatse."

Ndinamvera kwa kanthawi. Koma gemu yopanda mawu ili ngati ndiwo zopanda mchere, mzere ukusowa osamva kulira kwake. Ndinayatsa pang'ono pokha.

Sindinaone kuti chitseko cha kuseri chatseguka. Ndinangoona nsapato zakuda zopolishidwa zitaima pafupi ndi phazi langa. Kukweza maso, ndi ahedimasitala, taye pakhosi, magalasi pamphuno. Nawonso mwambo unali utawatulutsa: abale awo ndiwo ankakambirana, iwo ankadikira kuti awaitane kukapereka mawu omaliza. Ndinaimirira ndi kuwapatsa moni wa Chitumbuka umene ndinauphunzira pa ntchito. Anayankha yewo wouma ngati chimanga chokazinga, n'kuloza m'manja mwanga.

"Nchichi icho?" Ndiye kuti n'chiyani chimenecho.

Ndinawafotokozera monong'ona. Nkhuku zinathawira kumapeto kwa khola. Iwo anati pa zaka zonse zimene anaphunzitsa, zinthu ngati zimenezi ankalanda ana n'kuzitsekera mu kabati, ndipo sanayembekezere kuona munthu wa imvi ali nazo pa tsiku ngati la lero. Ndinangoti yewo, n'kukhala pansi kupitiriza, popeza njerwa sizidikira munthu. Iwo sanachoke. Anaima kumbuyo kwanga akupuma ngati ng'ombe.

Patapita kanthawi ndinamva, "Iyo ikanapita kumanzere."

Ndinaiika kumanja.

"Mwaiwononga. Ndinati kumanzere."

Ndinawauza mwaulemu kuti ine ndamanga matchalitchi, sindiphunzitsidwa kuyala njerwa ndi munthu wa choko. Anati choko yemweyo ndi amene amaphunzitsa ma shepu, ndipo zimene ndikuchitazi n'zongolota. Ndinati ngati n'zophweka tengani. Anakoka mpando wina, anapukuta magalasi ndi taye, n'kutenga.

Abale anga, sindinaonepo chipupa choipa chotero. Njerwa yowongoka, imene munthu wanzeru amaisungira mpata wake, iwo ankaigoneka pamwamba pa bowo ngati akuvindikira chitsime. Gemu inatha asanapeze n'komwe batani lotembenuzira. Anati magalasi anachita nkhungu, ayambirenso. Anayambiranso. Ine ndinaiwala kuti ndili kwa eni ake, ndinayamba kuwalangiza monga ndimachitira ndi anyamata anga pa ntchito. Ndinati tembenuzani, tembenuzani inu, kodi maso ali kumsana? Amati mawu anga anamveka m'nyumba monse, ndipo mlamu wanga anayamba kutsokomola mwadala kuti awaphimbe, mpaka azakhali a mtsikana anamupatsa madzi.

Atasowetsa mzere wawo woyamba, ahedimasitala anaseka ngati mwana, dzino lagolide kuonekera. Kenako anafunsa kuti nambala ili pakonayo n'chiyani. Ndinati imeneyo ndi yanga, pamene ndinafika ine, ndipo palibe munthu mu Mzuzu muno amene angaidutse. Ndinanena zoona. Koma ndikanadziwa ndikanangonena kuti ndi nambala ya kufakitale.

Pamenepo thenga anatulukira, chipewa m'manja, n'kugwada pafupi ndi ahedimasitala. Anati adada, zonse takambirana, tagwirizana, chatsala ndi mawu anu.

"Lindani dankha," anatero iwo, maso pagalasi. Ndiye kuti dikirani kaye.

Thenga anandiyang'ana ngati ndaba mbuzi. Analowa. Anatulukanso. Lindani dankha. Ulendo wachitatu anabwera ndi mlamu wanga, ndipo anatiuza kuti abale a ku Rumphi ayamba kuyang'ana wotchi, basi yawo ndi yamasana, ndipo wamkuluyo wanena kuti ngati mwini mwana sakufuna kulowa ndiye kuti wakana, iwo azipita. Ahedimasitala anati sadzuka pampandopo asanadutse nambala ya munthu wosaphunzira. Anatero ine ndili pompo. Sindinakwiye, chifukwa ndinaona pamene anali: sanafike ngakhale pa windo, ine ndili padenga.

Mlamu wanga anandikokera pambali pa khola. Anati alamu, auzeni kuti adutsa, auzeni kuti nambala ija siinali yanu, auzeni chilichonse. Ndinati alamu, munthuyu ndi mphunzitsi wa masamu, manambala akuwaona yekha. Ndiponso ngakhale akanakhala wakhungu, ine sindinganame pa nambala imene ndinaivutikira mpaka chala chachikulu chinatupa.

Ndinatembenuka kuyang'ana kumpanda. Mwana wanga anali ataima pomwe paja, malaya oyera atanyowa n'kumamatira pamsana, manja atapinda kutsogolo ngati ali pamaliro. Sankandiyang'ana mokwiya ayi. Ankangoyang'ana chitseko cha nyumbayo. Ndipo ndinamva mipando ikukokedwa m'katimo, anthu akuimirira.

Ndinabwerera pakhonde. Ndikuuzani zoona, kumtima kunkandiwawa ngati akundizula dzino. Ndinati aphunzitsi, nambala imeneyo simungaidutse lero, ngakhale mawa. Imafuna masabata. Katengeni kamakinako kagone kuno, muzisewera mofatsa, mukadzadutsa mudzanditumizire uthenga. Koma panopa lowani, anthu akudikira.

Anakweza mutu koyamba. Anakayang'ana kamakinako, anandiyang'ana ine, n'kukaika pa bondo mosafuna. Anati iwo sanabwerekepo chinthu kwa munthu wachilendo chibadwire, ndipo sayamba lero.

Ndinati, "Ndiye lowani mukandisandutse m'bale wanu. Mukatuluka mubwereka kwa asewere anu."

Kenako anafunsa ngati mabatire ake amapezeka m'tauni muno. Ndinati amapezeka, ang'onoang'ono aja, osati a wailesi. Anaimirira, anakonza taye, anakalowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete, n'kulowa m'nyumba ngati akupita kukatsegula sukulu. Posakhalitsa tinamva nthungululu za azakhali. Mayi akunyumba amati pa pemphero lotsekera jekete ya ahedimasitala inayamba kulira ngati mwanapiye, chifukwa sanadziwe pozimitsira, ndipo iwo anangokweza mawu a pemphero mpaka kanatopa kokha.

Kenako anandiitana kuti ndilowe. Tinagwirana chanza ndi ahedimasitala pamaso pa onse, anandicha asewere, ine ndinati yewo chomene. Za njinga palibe anazitchula. Potiperekeza pachipata anandinong'oneza kuti njerwa yopindika kawiri ija amaiika bwanji. Ndinati imeneyo ngakhale ine imandizunza, ingoipezerani pogona.

Pobwerera ku Mchengautuwa tinayenda wapansi m'matope. Manja anga ankasowa chogwira, chala chinkangodina m'thumba mopanda kanthu. Koma ndinayenda patsogolo, ndikuuza aliyense wokumana naye kuti thenga walephera, mlamu walephera, ukwati ndamanga ndine, ndili panja, ndisanalowe n'komwe m'nyumba. Thenga sanatsutse. Anangoti pa ntchito yake ya uthenga sadzalolanso bambo a mnyamata kupita nawo, ngakhale atakhala wosalankhula chibadwire.

Titatsala pang'ono kufika, mwana wanga anandipeza n'kuyenda pambali panga. Anali akumwetulira koyamba pa miyezi yambiri. Anandigwira mkono, chinthu chimene sanachitepo chikulire, n'kunena motsitsa, kutsitsa kwenikweni:

"Bambo, zikomo, mwandigwirira ntchito. Koma kamakina kaja sikanga, n'ka adalaivala athu, ndinangobwereka ndipo akhala akukafunsa. Lolemba mupite nokha kudepoti mukawafotokozere kumene kali. Ine sindingathe."