Kuwala Kofika Pamkeka

Ntchito imeneyi ndinaipeza ndili wokwiya. Ndinali pa ofesi ina ku Metangula, sinditchula dzina, kumene anali atataya kalata yanga kachiwiri. Ndinatsegula chikwatu changa n'kuwayalira makope onse patebulo, lililonse ndi chidindo chake. Kumbuyo kwanga pamzere kunali Apulofesora Celeste, mayi wa ku Quelimane amene anatumizidwa kuno kudzaphunzitsa kujambula mapulani. Titatuluka anandiimitsa, nanditcha atiyo, ndiye kuti amalume.

"Atiyo, kale munkagwira ntchito yanji?"

Ndinawauza kuti zaka zambiri ndinali wolemba nsomba padooko. Bwato likafika ndinkatapa amostra, ndiye kuti pang'ono poimira zonse, n'kuyeza, n'kulemba.

"Ndiye ntchito yanga mukuidziwa kale," anatero. "Bwerani Lolemba."

Komiti ya mzikiti wa kwathu inkafuna kumanga chipinda cha madrasa, ndipo panali mkangano wa mazenera. Fundi Amade wa ku Meluluca, amene wamanga theka la nyumba za m'dera lathu, ankafuna mizere iwiri ya zidina zobowola m'munsi mwa khoma, kuti mwera usamalowe ndi mphamvu yake yonse. Apulofesora, amene komiti inawapempha pulani, ankafuna mazenera akuluakulu oyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Khoma likaima laima, ana adzawerengamo zaka zonse. Choncho anagwirizana kuti apulofesora atulutse pakompyuta zithunzi ziwiri zoonetsa m'kati mwa chipinda mmene mudzawalire, komiti isankhe Lachisanu ikatha swala.

Anthu amayesa kuti kompyuta imangolavula chithunzi, ndipo zimandinyansa ndikamva. Apulofesora anamanga chipinda chonse m'kati mwa makinawo ndi miyeso yake, nauza makina kumene dzuwa limakhala masana, nthawi imene ana amabwera. Chithunzi ndi timadontho tambirimbiri. Pa kadontho kalikonse makina amaponya kamzere kolowa m'chipindamo. Kamzereko kamagunda khoma, kamadumphira kwina mwachisawawa, mpaka kapeze kuwala kapena kafere mumdima. Kuponya kumodzi ndiye amostra imodzi. Zikakhala zochepa, chithunzi chimatuluka ngati mwadutsa fumbi. Kuti fumbi limenelo lichepe ndi theka, pamafunika amostra kanayi kuposa poyamba. Ndinaziona ndi maso anga, ndipo zili m'kope langa.

Ntchito yanga inali kulondera makina iwo ali kusukulu. Ndinkaikhazika kompyuta pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi, kuiphimba ku fumbi, ndi kulemba ola lililonse amostra zafika pati. Magetsi akazima ndinkailumikiza ku batire ya sola. Chithunzi cha mazenera chinkayera msanga. Cha fundi chinkadya maola asanu ndi anayi, chifukwa timizere tambiri tinkalephera kupeza timabowo tating'onoto.

Pofika Lachinayi zonse ziwiri zinali zitatha. Cha apulofesora chinali chowala, cha fundi chakuda ngati nkhokwe.

Lachisanu m'mawa anadzera Mwalimu Saide, amene amaphunzitsa anawo, kudzaona asanapite kumzikiti. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako analoza ndi ndodo yawo.

"Madesiki awa ndi a ndani?"

"A ana," anayankha apulofesora.

"Ana ake ati? Athu amakhala pamkeka, msana kukhoma, buku pamaondo." Anatembenukira kwa ine. "A Rachide, inu simunawauze mayiwa? Kapena munaphunzirira pa desiki inu?"

Ndinasowa poyang'ana. Ine ndinakulira pamkeka womwewo. Sabata yathunthu ndinakhala ndikuyang'ana madesikiwo, koma maso anga anali pa manambala a pakona. Mayi wa ku Quelimane sakanadziwa. Wolakwa ndinali ine.

Apulofesora sanandikalipire. Anachotsa madesiki, nayala mikeka m'mbali mwa makoma, naika pepala loyera pamene pangakhale buku, natsitsa diso la makina kuti lione ngati mwana wokhala pansi. Nthawi inali itadutsa kale eyiti. Komiti inali kukumana cha m'ma thu koloko, ndipo chithunzi cha fundi chokha chinkafuna maola asanu ndi anayi.

Apa ndi pamene ndinaona luso. Anajambula kachizindikiro pa bowo lililonse la zidina ndi pa zenera lililonse, kuuza makina kuti kuwala kumalowera apa. Tsopano kamzere kakagunda mkeka, sikankangodumpha kofuna mwayi, kena kankatumizidwa molunjika kubowo. Ine ndinaimirira.

"Ayi, Apulofesora. Kumeneko n'kutapa pamwamba pa dengu pokha, pamene wogulitsa waika nsomba zazikulu. Ndinakangana ndi anthu zaka zonse chifukwa cha zimenezi."

Anaseka koyamba tsiku limenelo. "Nanga inu mukatapa kambiri pamalo amodzi munkatani?"

"Ndinkachepetsa mphamvu yake powerengera."

"Amene anatulukira njira iyi anaganiza chimodzimodzi. Kumene makina akutapa kwambiri, amostra iliyonse imapepukitsidwa. Njira yakale ija ikugwirabe ntchito pambali, ndipo ziwirizo zimasakanizidwa, iliyonse kupatsidwa mphamvu pamene imachita bwino. Yankho ndi lomwe lija, kungoti lifika msanga."

Sindinakhulupirire mpaka atayesa pa chithunzi chakale cha madesiki, kachigawo kakang'ono. Kuwala kunafanana. Anayatsanso china chakuti makina asiye kutaya nthawi pa khoma limene layera kale, apite kumakona kumene kudakali fumbi. Anthu amene anakhala pansi n'kuganiza zimenezi sindiwadziwa, ndipo sadzamva za Metangula, koma ndimawavulira chisoti. Ankaidziwa ntchito ya kutapa.

Chithunzi cha mazenera chinatha cha m'ma teni. Kuwala kunagwera pakati pa chipinda, pamene sipakhala munthu, ndipo m'munsi mwa mazenera, pamene mwana amatsamira, munali mthunzi. Cha fundi chinayamba kuyera cha m'ma leveni. Denga linali lakuda monga kale, koma pamikeka panali kuwala kofewa, kofanana khoma lonse, ndipo pepala lija linkaoneka bwino.

Panja mayi wina ankaitanira usipa.

Ndilemba zimene ndinanena, ngakhale zili zochititsa manyazi. Ndinati titenge zithunzi za Lachinayi. Zinali zosindikiza kale, zokongola, ndipo Mwalimu Saide yekha ndiye anaona vuto. Ndinadziwa mmene fundi adzalankhulire za mkazi wobwera ndi makina ake, ndipo ndinadziwa kuti komiti ina siidzawapemphanso pulani.

"Atiyo," anatero, "inu munalembapo nsomba zimene simunayeze?"

Ndinaika zithunzi zatsopanozo pa fulashi, ndinathamanga kokasindikiza, ndinafika ku swala mochedwa thukuta lili kamukamu.

Tinakumana pakhonde la mzikiti. Apulofesora, atafunda mpango kumutu, anaika mapepala awiri pamkeka, nati m'Chinyanja chawo chopunduka: "Ndinalakwitsa. Ndinapangira ana a desiki. Kwa ana a pansi, fundi ali bwino kuposa ine."

Fundi Amade anali atabwera ndi mawu ambiri, ndinawaona pakamwa. Ananyamula pepala lawo, nalitembenuza, naliyandikiza kumaso.

"Ichi chanena ndi chimakina chanucho?"

"Eya."

"Ndiye chili ndi nzeru kuposa mwini wake," anatero, anthu n'kuseka. Koma sanalibweze pepalalo. Analoza denga lakudalo ndi chala chawo cha simenti. "Nanga umu, mayi? Ndikaika mzere wina wa zidina pansi pa malata, chingandiuze Lachisanu likubwerali?"

"Chingakuuzeni mawa."

Chipindacho chinamangidwa ndi mizere itatu. Mpaka lero pamsika amati fundi anagonjetsa kompyuta, ndipo aliyense wonena zimenezo ndimamuimitsa, kaya ali ndi changu chotani. Fundi anali ndi nzeru ya mkeka, sindikana. Koma amene anaitsimikiza pamaso pa anthu ndi mayi uja, ndi dzanja lake, m'maola ochepa, akudziwa kuti akudzigwetsa yekha.

Ndinagwira nawo ntchito mpaka pamene anawasamutsira ku Lichinga. Moyo wanga wonse ndinkanyadira kuti manambala anga sanama, ndipo sananamedi. Sabata ija ndinalemba ola lililonse molondola, koma ndinali kuyeza chipinda chimene palibe mwana akanakhalamo. Kuyambira pamenepo, ndisanatsegule kope, ndimayamba ndafunsa kuti mwini chinthucho adzakhala pati, ndipo ndimapita kukakhala pomwepo.